Madamu, masewerawo ayambeni ndi sipuleya ndi madzi a utoto

Madamu, mwafunsa ngati masewera angathandize ana a Folomu 1 ndi 2 a m'kalabu yanu ya zaulimi kudzisamala kumunda, komanso ngati muwapezere gemu ya pa foni. Ine ndakhala ndikuchita zimenezi ndi achinyamata kuno ku Kasungu. Masewera amathandiza ndithu, koma za foni zisiyeni kaye. Ana amenewa munda amaudziwa kuposa ife. Chomwe sachidziwa ndi chimene maso saona: mankhwala olowa pakhungu, mpweya wa m'thumba la chimanga, ukali wa fodya wonyowa. Ndiye sewero labwino ndi limene lingawaonetse zobisikazo.

Poyamba ndinajambula njoka ndi makwerero pa katoni, bokosi lililonse ndi funso lake. Pomatha sabata mayankho onse anali ataloweza ngati ndakatulo. Loweruka lake ndinakumana ndi mmodzi mwa akatswiri anga akupopera tomato kudimba atavala kabudula, wopanda nsapato. Katoniyo ndinaisiya pomwepo.

Limene linagwira ndi ili. Pezani sipuleya yatsopano, yomwe sinalowepo mankhwala, osati yotsuka ayi. Muthiremo madzi ndi utoto wa m'zakudya, uja amathira m'mafirizesi. Wopoperayo mumumate mapepala oyera m'miyendo, pachifuwa, m'mikono, kumsana ndi pachipewa. Gulu lina lipopere molunjika kumene mphepo ikuchokera, lina mphepo ili kumbuyo kwawo, kenako awerenge madontho. Ochepa madontho ndiwo apambana. Amaseka mpaka kugwa, makamaka pepala la kumsana likatuluka lonyowa chifukwa chivindikiro sichinatsekedwe bwino. Akadali m'phwete, mupatseni wopoperayo mandasi asanasambe m'manja. Akaona zala zofiira zadinda pa mandasiwo, phokoso limatha lokha. Apo musalalikire, ingofunsani kuti akanakhala mankhwala ophera tizilombo a Cypermethrin zikanatha bwanji. Chibwerereni ntchemberezandonda za mtundu watsopano zija mu nyengo ya 2016/17, kupopera kwafika ndi m'chimanga momwe, ndipo makomo ambiri wotumidwa kukasungunula amakhala mwana.

Lachiwiri timalitcha "gwirani mlimi". Ine ndimakhala mlimiyo, ndipo ndimalakwa dala: kutakasa ndi dzanja, kuuzira pakamwa kamlomo ka sipuleya kakatsekeka, kuthira otsala m'botolo la zakumwa n'kuika pawindo, kutsukira sipuleya pa mjigo, kusiya khasu lozondoka panjira. Woona cholakwa amakuwa, koma pointi amapeza pokhapokha wafotokoza ngozi yake ndi njira yoyenera. Mwana wa zaka 15 palibe chomukomera ngati kugwira wamkulu akulakwa, ndiye inu mulole kusekedwa. Momwemo muwaphunzitse mzere wa utoto wa m'munsi mwa lebo: wofiira ndiye woopsa kwambiri, kutsatira wachikasu, wabuluu, kenako wobiriwira. Mabotolo enieni musabwere nawo, jambulani malebowo. Ndipo adziwe kuti mankhwala opimidwa m'timapepala kapena m'timabotolo topanda lebo pamsika ndi okayikitsa. Ovomerezeka amalembetsedwa ku bungwe loona za mankhwalawa la Pesticides Control Board.

Za ngolo, lamba wa chigayo ndi mphenzi zimalowa bwino m'zilapi, sindichedwapo. Koma pali zinthu zitatu zimene ndimafuna azichita ndi manja, chifukwa apa zimene tinakula nazo zimapha. Lembani timakhadi, gulu litole kamodzi n'kuchita sewero la mphindi zitatu. Koyamba: mng'ono wako wamwa mankhwala. Pafupifupi gulu lililonse limathamangira mkaka kapena kumusanzitsa. Zonsezi n'zolakwika, chofunika n'kumuvula zovala zimene zathiridwa, kumusambitsa ndi sopo, ndi kuthamangira kuchipatala botolo lili m'manja kuti adokotala adziwe chomwe akulimbana nacho. Kachiwiri: mnzako walumidwa ndi mphiri posenga mapesi. Amamanga mwendo ndi mphira, kutema, ena kuyamwa. Ayi, mwendowo usagwedezeke, munthuyo anyamulidwe, ulendo wa kuchipatala. Kachitatu ndi mapilitsi aja ena amaika m'matumba a chimanga. Akakhudzana ndi chinyezi amatulutsa mpweya wakupha, ndipo m'nyumba zathu ana ndi amene amagona chipinda chimodzi ndi matumba. Gulu lopambana ndi limene lakumbukira kuti kuli matumba a PICS, aja osalowa mpweya, osafuna mankhwala.

Poti tili dera la fodya, ndimawonjeza china. Mwana akabwera kothyola m'mawa n'kuyamba chizungulire, mutu ndi nseru, kunyumba amati malungo. Nthawi zina ndi nikotini wa m'masamba onyowa ndi mame, wolowa pakhungu. Mukangonena zizindikirozo, muona manja akukwera okha: "Inenso zinandichitikira." Sewero silifunikanso pamenepo.

Tsopano pali pamene ndikufuna tisamale, Madamu. Cholinga si kupanga ana kukhala akatswiri opopera. Lamulo la ntchito la mu 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo wosakwana 18 sayenera kugwira ntchito yoika moyo kapena thanzi lake pachiswe. Kupopera kuli m'gulu limenelo. Koma inu ndi ine tikudziwa kuti bambo akanena kuti tenga sipuleya, mwana sangayankhe ndi lamulo. N'chifukwa chake sewero lomaliza ndi lovuta kuposa onse: wina akhale bambo wouma mutu, wina mwana, ayeserere kukana mwaulemu. Poyamba amanena zinthu zimene kunyumba zingawadyetse mbama. Akabwereza kangapo amapeza okha njira, monga yakuti "Bambo, ine nditunge madzi ndi kuika zizindikiro m'mizere, inu mupopere, aphunzitsi ati ife sitinafike." Dzina lanu aligwiritse ntchito, musadandaule, mwana amapepukidwa akakhala ndi wamkulu woti amutchule dzina.

Chinthu chimodzi musachite: musapereke mphotho kwa wofulumira. Ine ndinalakwa kamodzi, ndinati woyamba kuvala magolovesi, magambuti ndi chophimba pamphuno wapambana, ndiye onse anavala mothamanga, zopindika. Pointi zizipita kwa wosamala.

Konzani tsikulo mu Novembala, kupopera kusanayambe, ndipo muitane alangizi a zaulimi a m'dera lanu. Ngati komiti ya makolo ingabwere, sipuleya ya utoto ija muwaberekese abambo awiri, ana awerenge madontho.