Kafukufuku wa fizikisi ukadali ku sekondale

Mwafunsa ngati wophunzira wa sekondale angapeze mwayi wochita kafukufuku wa fizikisi. Ndizotheka, koma musadikire kuti wina akuitaneni.

Yambani ndi Zooniverse pa intaneti, komwe anthu wamba amathandiza asayansi kusanja zithunzi za milalang'amba. Safunsa satifiketi. Mukapeza anzanu angapo ndi mphunzitsi wokutsogolerani, lowani mpikisano wa Beamline for Schools womwe CERN, bungwe la ku Ulaya lofufuza za tizidutswa ta atomu, inayambitsa mu 2014: mumalemba zimene mukufuna kufufuza, ndipo opambana amapita kukaziyesa okha pa makina othamangitsa tizidutswa ta atomu.

Polembera mapulofesa kupempha mwayi wothandiza pa kafukufuku wawo, kalata ikhale yaifupi. Tchulani pepala lawo la kafukufuku lomwe mwawerenga ndi funso limodzi lakukanikani. Ambiri sayankha, musadandaule nazo. Phunziraninso msanga Python, chinenero cholembera mapulogalamu a kompyuta, chifukwa woyamba kumene nthawi zambiri amapatsidwa ntchito yokonza manambala pa kompyuta.