Msuweni, tamvera kaye usanagule switch

(Funso linabwera pa gulu la banja m'mawa, kuchokera ku Santhe: "Asuweni, presha switch ya pampu ndi ndalama zingati ku Lilongwe? Yathu yangoima dzulo." Presha switch ndi kabokosi kamene kamayatsa ndi kuzimitsa pampu ya madzi molingana ndi presha ya m'thanki. Yankho linabwera masana, la mawu ojambula pa foni.)

Halo... eya, ikujambula. Msuweni, ndaliona funso lako, ndinali mu minibasi. Akuluakulu amene muli pagulu pano pepani, ndilankhule ndi mkazi wangayu pang'ono, za chisuweni musazitengere kumtima.

Wafunsa mtengo. Mtengo sindikuuza. Si kukumana ayi, koma ndimakudziwa ine. Iwe ukafunsa mtengo wa chinthu ndiye kuti wachigwiragwira kale. Wailesi ya agogo ija unayambanso choncho, ati mabatire ndi ndalama zingati, chonsecho unali utamasula kale kumbuyo. Ndiye chimene ukufunsa kwenikweni n'choti, kodi ndaipha pampu ya amayi, nanga achimwene aku Johannesburg akamva ndiwauza chiyani? Paja ndalama anatumiza ndi iwowo. Ndanama? Hehe. Undiyankhe kumbali.

Chabwino. Choyamba... ayi, dikira, choyamba chenicheni, mayuniti alimo mu mita? Usaseke, ndinapitapo mpaka ku Mtunthama ndi chikwama cha zida n'kukapeza mita ili pa ziro. Ngati alimo, ona breaker ya pampu, chozimitsira magetsi chija. Kenako ithimitse. Ithimitse ndithu, chifukwa m'kabokosi ka switch kameneko mumadutsa mavoti 230, si za mabatire a wailesi zija. Ukathimitsa, masula kanati ka pamwamba, chotsa chivundikiro. Uona masipuling'i awiri, yaikulu ndi yaing'ono, ndi tizitsulo timene timagundana magetsi akamadutsa. Masipuling'iwo usawakhudze. Kapena ndinene kuti usawakhudzenso. Yaikulu ija imasuntha poyambira ndi pozimira pamodzi, yaing'ono imasintha mpata wa pakati pake, ndiye ukangopotokola mwachisawawa umasokoneza zonse. Kunsi kwa chivundikiro kuli manambala, yanu ija ndikukumbuka ndi 30/50, kutanthauza kuti pampu imayaka geji, kawotchi koonetsa presha ya madzi kaja, ikatsika pa 30, n'kuzima ikafika pa 50.

Tizitsulo tija uyang'anitsitse ndi tochi ya foni. Nyerere zimakonda pamenepo kwabasi, zimafera pakatipo mulu, magetsi osadutsa. Ungozichotsa ndi kaburashi ka mano kouma. Ngati tada bii ngati pansi pa mphika, kapena takumbikakumbika, apo ndiye tapsa.

Aaa, kunena za tizitsulo timeneti ndakumbuka amalume aang'ono. Amayi aakulu mukumva, musawauze kuti ndanena. Chaka chija anagulitsa bwino fodya ku Chinkhoma, mukukumbuka, chimene anabwera ndi suti ya bulawuni ija, amene anavala pa chinkhoswe chimene sitichitchula chija. Eya. Ndiye anati ine zotunga madzi ndi keni kudambo ndasiya, nazale yanga izimwa madzi a pampu ngati ya ku esiteti. Anagula pampu, thanki, mapaipi, mpaka anaitana anyamata a m'mudzi kuti adzaone madzi akutuluka okha. Ine nthawi imeneyo ndinali ndisanayambe n'komwe ntchito ya magetsi, ndinali wonyamula sipanala basi.

Kufika Okutobala, dzuwa lija la ku Kasungu mukulidziwa, pampu inayamba kumazima yokha. Ikayenda pang'ono, thii, yazima. Amalume akakweza kachitsulo ka m'mbali mwa switch koyatsira pamanja, iyende, kenako izimenso. Tsiku lachitatu anakwiya. Anati kabokosi aka kakundichitira mwano pakhomo panga, kandiona bwanji. Anatenga chitsotso cha machesi... ayi, sichinali chitsotso, chinali chopanira zovala cha azakhali, cha pulasitiki chobiriwira, ndikuchiona mpaka lero. Anapanira tizitsulo tija kuti tisalekanenso. Pampu inalira bwinobwino. Iwo n'kupukuta m'manja, n'kundiuza kuti, mphwanga, sukulu si kuvala yunifolomu, ona. Kenako anakwera njinga ulendo wa ku bawo.

Ine anandisiya kuti ndizisuntha paipi pa mabedi. Patapita nthawi madzi anayamba kutuluka motsokomola, pfu, pfu, mphepo yambiri madzi pang'ono, kenako amatope, kenako zii. Koma ine mwana, anandiuza kuti usakhudze kanthu, ndiye sindinakhudze kanthu. Mmene amabwera madzulo, atapambana bawo, akuimba mluzu, paipi yauma gwa, waya wa pa kabokosi ukununkha ngati tayala lopsa. Mota inali itapita kalekale.

Ndiye mukudziwa amalume, kuvomera ndi matenda kwa iwo. Anati pali munthu wapondapo apa. Sabata yathunthu osapereka moni kwa aneba a kumadzulo aja. Azakhali anangopita phee, n'kukachotsa chopanira chawo, chitapindika ndi kutentha, n'kuchiika pa mbale ya nsima ya amalume, pamwamba pa chivundikiro. Osalankhula kanthu. Amalume anachiyang'ana, anasamba m'manja, anadya, n'kunena kuti ndiwo zachepa mchere. Hahaha! Nkhani ya mbuzi ziwiri zija inayambira pamenepo, amene mukudziwa mukudziwa. Nazale anaimaliza ndi keni yomwe ija, m'mawa ndi madzulo, suti ili pa msomali.

Eh, ndinali pati... eya, geji. Msuweni, uone geji ikuloza pati. Ngati ikuloza 50 koma pampopi palibe dontho, mwina kapaipi kakang'ono kamene switch yakhalapo katsekeka ndi mchenga kapena dzimbiri, ikuganiza kuti thanki ndi yodzaza. Zimenezo n'zomasula n'kutokosa ndi kawaya, magetsi ali othimitsa, madzi utawatulutsa kaye. Ngati tizitsulo tagundana bwinobwino, wayatsa breaker, koma kuli zii kapena ukungomva kung'ung'udza, thimitsa msanga, mwina ndi kapasita, kachipangizo kothandiza mota kuyamba kuzungulira, imeneyo undisiyire. Thanki ya presha ija ili ndi valavu pamwamba ngati ya tayala la galimoto. Ukadina kakatikati n'kutuluka madzi m'malo mwa mpweya, chubu cha m'kati chang'ambika. Mpweya wake umayenera kukhala 28 thanki ilibe madzi, kuchepera ndi 2 pa poyambira paja, koma zimenezo ndidzayeza ndekha.

Koma chimene ndikuganiza ine n'china. Mwezi uno ndi uti? Okutobala. Ndipo amayi anandiuza sabata yatha kuti mpopi ukumalavula mphepo madzulo. Switch yanu ija ndi ya kachitsulo m'mbali ngati ya amalume, imene imazimitsa pampu presha ikagwa kwambiri. Ndiye mwina sinafe n'komwe. Madzi atsika m'chitsime, yaona kuti pampu ikukoka mphepo, yaizimitsa kuti mota isapse, pajatu pampu ya pansi pa madzi imazizira ndi madzi omwewo. Ndiye iwe usagule kanthu, ndipo usaikakamize. Chisiye chitsime chipume usiku wonse. M'mamawa tseka mipopi yonse, bwezera chivundikiro, yatsa breaker, kweza kachitsulo kaja pang'ono pamene palembedwa start, gwira ukuyang'ana geji. Singano ikakwera kufika cha m'ma 30, siya, iyenda yokha. Ikapanda kusuntha iwe utawerenga pakamwa kufika 30, siyanso, thimitsa breaker, undiimbire.

Wamva? Ndikuti switch ikhoza kukhala yabwinobwino, vuto ndi madzi pansi. Yatsopano ukaika idzazimanso chimodzimodzi, ndalama za achimwene zitapita. Ndipo anyamata a lendi aja amene amathirira tomato kuseri madzulo, auze ayambe adikira, kapena azithirira theka.

Nati ya pa sipuling'i ija ngati unaipotokola, ungondiuza kuti kangati, kumanja kapena kumanzere. Sindiulula. Chabwino, ndiulula pang'ono pa Khirisimasi.

Loweruka ndikapeza ya thiransipoti ndibwera ndi mita yanga yoyezera zida za magetsi. Mpaka tsiku limenelo, msuweni, osagula, osapanira, zopanira zovala zonse zikhale pa chingwe. Amalume ngati afika kumeneko n'kunena kuti aione, apatseni tiyi akhale pakhonde. Unditumizire chithunzi cha geji ndi cha m'kati mwa kabokosi, choonekera bwino, osati zako zija zojambula chala. Ndipo undisungire mtedza wanga uja, usanene kuti anadya makoswe ngati chaka chatha. Basi, bwana akundiyang'ana.