Kodi ku America amakonda kwambiri hoke ya pa ayezi kapena mpira wamiyendo?

Sabata yathayi ndidalandira imelo kuchokera kwa bambo ena a ku Zomba amene amawerenga zolemba zanga, ndipo funso lawo lidabadwira pa mkangano wa pa WhatsApp. Iwo akuti alamu awo, omwe akhala ku Boston kwa zaka zingapo, adawauza motsindika kuti ku America mpira wamiyendo ndi masewera a ana asukulu, ndipo anthu akuluakulu amatsata hoke ya pa ayezi. Bambowa sadamvetse, popeza amaona pa kanema mabwalo akusefukira Lionel Messi akamasewera, choncho adandifunsa kuti: "Pa masewera awiriwa, amene ali ndi anthu ambiri kumeneko ndi ati, ndipo akunena zoona ndani pakati pa ine ndi alamu anga?"

Bambo, zikomo chifukwa cha funso lanu. Yankho langa ndi lakuti ngati mukukangana za masewera amene ali ndi anthu ambiri owatsata, mwapambana ndinu, koma ngati mukukangana za ligi yamphamvu pa ndalama ndi pa ulemu, apambana ndi alamu anu. Mkangano wanu sukutha chifukwa aliyense wabwera ndi muyezo wake, ndipo muyezo wa alamu anu udasemedwa ku Boston, mzinda umene hoke idazikamo mizu kalekale.

Ndiyambe ndi hoke yeniyeniyo, poti ambiri a ife timadziwa ya pa udzu yokha. Ya pa ayezi imaseweredwa m'nyumba yozizira, pa bwalo la madzi oundana lotchingidwa ndi matabwa ndi magalasi. Timu iliyonse imakhala ndi osewera 6 pa bwalo, kuphatikizapo goloboyi, ndipo onse amavala nsapato zokhala ndi mpeni wachitsulo kunsi kwake. M'malo mwa mpira amamenya ndi ndodo kamphira kakuda kophwatalala kotchedwa puck, komwe amakayamba akaumitsa mufiriji kuti kasamadumphedumphe. Masewera amakhala ndi zigawo 3 za mphindi 20, ndipo liwiro lake ndi lotopetsa kwambiri moti wosewera sakhalitsa pa bwalo: akangotha pafupifupi mphindi imodzi amadumpha thabwa n'kukakhala pansi, mnzake n'kulowa masewera ali mkati. Kamphirako n'kakang'ono ndipo kamathamanga kwambiri, motero munthu wosazolowera akamaonera pa kanema amangomva kuti chigoli chalowa asadakaone n'komwe. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene hoke imakomera kwambiri amene ali m'bwalomo kusiyana ndi amene ali kunyumba.

Ligi yaikulu ya masewerawa ndi NHL, yomwe idakhazikitsidwa ku Montreal m'dziko la Canada mu 1917, ndipo timu yake yoyamba ya ku United States inali Boston Bruins mu 1924. Kuyambira 1942 mpaka 1967 ligiyi inali ndi matimu 6 okha: Boston, Chicago, Detroit, New York Rangers, Montreal ndi Toronto, yonseyo mizinda ya kumpoto kumene nyanja ndi madamu zimaundana m'nyengo yozizira. Lero matimu alipo 32, mwa iwo 25 ali ku United States ndipo 7 ali ku Canada, ndipo amalimbirana chikho cha Stanley Cup chomwe chidayamba kuperekedwa mu 1893. Ligiyi idayesetsa kutsikira kumwera kotentha makamaka katswiri wotchuka Wayne Gretzky atagulitsidwa kuchoka ku Edmonton kupita ku Los Angeles Kings mu 1988, ndipo pa bwalo zidayenda ndithu: Tampa Bay idatenga chikho mu 2004, 2020 ndi 2021, Vegas mu 2023, Florida Panthers mu 2024 ndi 2025. Komabe kuwina chikho ku Florida sikudachititse kuti mwana wa ku Miami azikulira pa ayezi, ndipo kwawo kwenikweni kwa hoke kukadali ku Minnesota, Michigan ndi Massachusetts.

Apa ndi pamene alamu anu ndikuwamvetsa bwino. Munthu wokhala ku Boston akatsika sitima ku North Station amatulukira pakhomo pa TD Garden, bwalo la Bruins, pomwe pali chipilala cha Bobby Orr ali mumlengalenga, kukumbukira chigoli chake chimene chidabweretsa chikho mu 1970. Mwezi wa February ukafika, mayunivesite anayi a mumzindamo, Harvard, Boston University, Boston College ndi Northeastern, amalimbirana chikho cha Beanpot m'bwalo lomwelo. Pamene timu ya mpira wamiyendo ya kumeneko, New England Revolution, yakhala ikusewerera ku Foxborough, makilomita oposa 30 kuchokera mumzinda, pa bwalo lobwerekana ndi timu ya football ya ku America ya New England Patriots. Munthu amene amaona zimenezi tsiku ndi tsiku sangakhulupirire kuti mpira wamiyendo ungapose hoke. Alamu anuwo akadakhala kuti adakakhazikika ku Houston, ku Atlanta kapena ku Los Angeles, bwenzi akukuuzani nkhani ina.

Pa ndalama, NHL ili patsogolo ndithu pa ligi ya mpira wamiyendo ya m'dzikomo, yotchedwa MLS. Imapeza madola oposa 6 biliyoni pa chaka, ndipo ndiyo imawerengedwa pamodzi ndi NFL (ya football ya ku America), NBA (ya basketball) ndi MLB (ya baseball) anthu akamatchula maligi anayi akuluakulu a ku America. Chofunika kwambiri n'chakuti NHL ndiyo ligi yapamwamba ya hoke padziko lonse. Mnyamata waluso wa ku Sweden, ku Finland kapena ku Russia amalota zokasewera kumeneko, monga adachitira Alexander Ovechkin amene mu April 2025 adaposa Gretzky pa chiwerengero cha zigoli. Choncho aliyense wokonda hoke ku America maso ake, nthawi yake ndi ndalama zake zimathera m'nyumba imodzi.

Mpira wamiyendo, womwe kumeneko amautcha soccer poti dzina la football lidapita ku masewera awo ogundana aja, uli ndi vuto losiyana kwambiri, ndipo ndikufuna tikhalitsepo pang'ono chifukwa yankho lonse lagona pamenepa. Anthu ake ndi ochuluka, koma adamwazikana. MLS idayamba mu 1996 ndi matimu 10, potsatira lonjezo limene America idapereka kwa FIFA pofuna kuchititsa World Cup ya 1994, ndipo pofika 2025 inali ndi matimu 30. Koma si ligi yabwino koposa padziko, ndipo anthu a ku America okonda mpira amadziwa zimenezi monga momwe ifenso timadziwira za ligi yathu. Loweruka m'mawa, masewera a Premier League amene ayamba 12:30 masana ku England amakhala akuyamba 7:30 m'mawa ku New York ndi 4:30 mbandakucha ku California, koma mabala ena amatsegula nthawi yomweyo ndipo masapota a Arsenal ndi Liverpool amadzaza ali ndi majezi awo, khofi ali m'manja. Kampani ya NBC yakhala ikuonetsa ligi ya ku England kuyambira 2013, ndipo mu 2021 idasainira zaka zina 6 pa mtengo wa madola pafupifupi 2.7 biliyoni. Yerekezani ndi mgwirizano umene Apple idalengeza mu 2022 wogula masewera onse a MLS padziko lonse, womwe unali wa madola 2.5 biliyoni pa zaka 10. Ndiye kuti ku America komweko ligi ya eni ake yagulidwa motsika kuposa ligi ya alendo.

Pali gulu lina lalikulu lomwe alamu anu mwina salimva chifukwa limachemerera m'Chisipanishi. Kalembera wa 2020 adapeza anthu oposa 60 miliyoni ochokera ku maiko olankhula chinenerochi kapena obadwa kwa makolo otere, ndipo ambiri mwa iwo kwawo ndi ku Mexico. N'chifukwa chake ligi ya ku Mexico, Liga MX, yakhala kwa zaka zambiri ili m'gulu la maligi a mpira oonereredwa kwambiri pa kanema ku United States, kuposa MLS, ndipo timu ya dziko la Mexico imasewera masewera ake ambiri opimana mphamvu ku Texas ndi ku California, mabwalo n'kudzaza ngati ili kwawo. Mukaphatikiza wa Club América, wa Manchester United, wa Real Madrid ndi wa Seattle Sounders, mwapeza khamu lalikulu. Mukawerenga wa MLS yekha, mwasiya ambiri panja. Amene amayerekeza NHL ndi MLS n'kunena kuti ayerekeza masewera awiriwa amalakwitsa pomwepa.

Tsopano tione zimene anthuwo amanena okha. Bungwe la Gallup limafunsa anthu a ku America kuti atchule masewera amodzi amene amakonda kuonera koposa. Kumapeto kwa 2017, anthu 37 pa 100 aliwonse adatchula football yawo ija, 11 basketball, 9 baseball, 7 mpira wamiyendo, ndipo 4 adatchula hoke. Mu 2023 mpira wamiyendo udatsika kufika pa 5 pomwe hoke idakhalabe pa 4. Kusiyanaku n'kochepa, ndipo ndikuchenjezeni kuti musakafike kwa alamu anu mukuvina, chifukwa manambalawa akuonetsanso kuti masewera onse awiri ndi ang'ono kwambiri poyerekeza ndi NFL. Amene mukukanganirana ndi malo achinayi, osati ufumu.

Pa kanema, masiku akuluakulu a mpira wamiyendo amaposa a NHL kutalitali. Fainolo ya World Cup ya 2022 pakati pa Argentina ndi France idaoneredwa ndi anthu pafupifupi 26 miliyoni ku United States tikaphatikiza mawayilesi a kanema a Fox ndi Telemundo, ngakhale kuti timu yawo inali itatuluka kale. Masewera otsiriza a Stanley Cup mu 2024, pakati pa Florida ndi Edmonton, sadafike 8 miliyoni. Koma fainolo ya MLS zaka zambiri imavutika kupitirira 2 miliyoni, kotero ligi ndi ligi, NHL ikutsogolabe. Hoke nayo imadzutsa dziko lonse mbendera ikakhalapo: fainolo ya Olimpiki ya 2010 ku Vancouver, pomwe Canada idagonjetsa America ndi chigoli cha Sidney Crosby m'nthawi yowonjezera, idaoneredwa ndi anthu oposa 27 miliyoni, ndipo akuluakulu sadaiwalebe za Olimpiki ya ku Lake Placid mu 1980, pomwe anyamata a m'makoleji a ku America adagonjetsa timu yoopsa ya Soviet Union 4 kwa 3.

Za anthu olowa m'mabwalo ndidutsapo msanga, chifukwa aliyense amasankha nambala yomukomera. Masewera amodzi a MLS amakhala ndi anthu oposa 20,000 tikatengera pakatikati, pomwe a NHL amakhala ndi 17,000 ndi kanthu, koma nyumba za hoke sizilowa anthu ochuluka kuposa pamenepo kwenikweni, ndipo timu ya NHL yakhala ikusewera masewera 82 pa nyengo pomwe ya MLS imasewera 34. Pa chaka chonse, matikiti ambiri amagulitsidwa ku hoke.

Mbali imene amuna ambiri amaiwala akamakangana ndi ya amayi, chonsecho ndi kumene mpira wamiyendo wa ku America uli pamwamba padziko. Lamulo la Title IX la 1972 lidakakamiza sukulu zolandira ndalama za boma kuti zisamasale atsikana, ndipo zotsatira zake pa masewera zidaonekera pomwe timu ya amayi idatenga World Cup mu 1991, 1999, 2015 ndi 2019. Fainolo ya 1999 pa bwalo la Rose Bowl idasonkhanitsa anthu oposa 90,000, ndipo ya 2015, yomwe adathira Japan zigoli 5 kwa 2, idaoneredwa ndi anthu pafupifupi 25 miliyoni. Pano nkhaniyi ikutikhudza ndi ife, chifukwa mwana wathu Temwa Chawinga adamwetsa zigoli 20 mu ligi ya amayi ya ku America ya NWSL mu 2024 n'kusankhidwa kukhala wosewera wopambana onse, pomwe Barbra Banda wa ku Zambia adatenga chikho chaka chomwecho ndi Orlando Pride. Temwa amasewerera Kansas City Current, pa bwalo la anthu 11,500 lomwe lidamangidwira timu ya amayi, mumzinda umene ulibe timu ya NHL kuyambira 1976.

Chimene chimandichititsa kukhulupirira kuti mpira wamiyendo upitirira kukula kuposa hoke ndi mtengo wolowera. Kholo lofuna kuti mwana wake asewere hoke liyenera kugula nsapato za ayezi, chisoti, magolovesi, zotchinga mapewa, zigongono ndi miyendo, komanso ndodo zomwe zimathyoka, ndipo mwana akamakula zonsezi zimachepa. Kenako liyenera kulipira nthawi ya pa ayezi, yomwe ndi yosowa moti ana ena amachita masewera olimbitsa thupi kusadache. Mpira wa ana ku America nawo uli ndi mbiri yodula ukafika ku makalabu opikisana, koma poyambira pake pamafunika bwalo, mpira ndi nsapato basi, ndipo umaseweredwa m'zigawo zonse 50 za dzikolo ndi anyamata komanso atsikana mamiliyoni. Pamenepa alamu anu adanena zoona kuti ndi masewera a ana, koma ana amene ankasewera mu 1994 lero ndi makolo ogula matikiti, ndipo FIFA idapereka World Cup ya 2026, ya matimu 48, kwa United States, Canada ndi Mexico ikudziwa za msika umenewu.

Mukadzayankhulanso ndi alamu anu, Bambo, mudzavomereze kuti NHL ndi ligi yolemera ndi yolemekezeka kuposa MLS, ndiponso kuti ku Boston, ku Detroit ndi ku Minnesota hoke ilibe mnzake pa masewera awiriwa. Mukatero mudzawapemphe kuti Loweruka lina m'mawa adzadzuke msanga n'kukasuzumira m'bala ina yoonetsa Premier League mumzinda wawo womwewo, kapena adzadutse ku East Boston, dera la anthu ambiri olankhula Chisipanishi, tsiku limene Colombia kapena El Salvador ikusewera, ndipo adzakuuzeni okha chiwerengero cha majezi amene adzaone.