Mwana wathu akufuna kuphunzira za chromatin ndi methylation ya zomera, kodi adzadyera pati?

Mayi wina watilembera motere: "Mwana wathu wamkazi ali chaka chomaliza ku Bunda, akuphunzira za mbewu. Wabwera ndi nkhani yoti akufuna digiri yachiwiri pa zomwe akuti epigenetics ya zomera, akumatchula chromatin ndi methylation. Ine ndi bambo ake sitikutolapo kanthu. Ife timati akamaliza akafune ntchito ku kampani ya mbewu. Kodi zimenezi n'zotani, ndipo kuli ntchito?"

Mayi, nkhawa yanu ndi yomveka, koma mwana wanu sanasochere. Tiyambe ndi chimene akufuna kuphunziracho.

Mu phesi limodzi la chimanga, selo (kachigawo kakang'ono kwambiri ka thupi la chamoyo) ya muzu, ya tsamba ndi ya ngayaye zili ndi DNA yofanana. DNA ndi malangizo a chibadwa olembedwa ndi zilembo zinayi, A, C, G ndi T, ndipo zigawo zake zimatchedwa majini. Chimasiyanitsa muzu ndi tsamba n'chakuti majini ena amagwira ntchito pamalo ena, pomwe ena amakhala atatsekedwa. DNA ndi yayitali kwambiri, choncho imakulungidwa pa timapuloteni totchedwa histone monga ulusi wa telala umakulungidwira pa bobini, zilembo pafupifupi 147 za DNA pa gulu lililonse la ma histone 8. DNA ndi mapuloteniwa pamodzi ndiye chromatin. Pomwe yakulungidwa molimba selo siyingawerenge jini, pomwe yamasuka jiniyo imagwira ntchito. Methylation ndi njira imodzi yotsekera: kachinthu kakang'ono kotchedwa methyl kamamatidwa pa chilembo C cha DNA. Zilembo zenizenizo sizisintha, chimasintha n'chakuti jiniyo iwerengedwe kapena ayi. Kuphunzira zimenezi ndiye epigenetics.

Zomera zili ndi zida zambiri pa ntchitoyi kuposa nyama. Mwa nyama methyl amamata makamaka pomwe C watsatizana ndi G, koma mwa zomera amamatanso pa mitundu ina iwiri ya malo, yomwe asayansi amailemba CHG ndi CHH (H akuimira chilembo A, C kapena T). Puloteni ya MET1 imakopera zizindikirozi selo ikamagawikana, ROS1 ndi DEMETER zimazichotsa, ndipo pali mapuloteni ena awiri (ma enzyme) opezeka mwa zomera zokha, Pol IV ndi Pol V, omwe amagwiritsa ntchito tizidutswa ta RNA (mbale wake wa DNA) kulozera malo oyenera kutsekedwa. Zambiri mwa izi zidadziwika pofufuza kaudzu kosadyedwa kotchedwa Arabidopsis, komwe DNA yake yonse idawerengedwa mu 2000.

Mungafunse kuti chomera chimavutikiranji ndi zonsezi. Yankho lidayambira pa chimanga chomwechi. Barbara McClintock wa ku America, poona mawanga pa maso a chimanga, adatulukira kuti pali tizidutswa ta DNA todumpha kuchoka pamalo ena kupita pena. Anzake adatenga zaka zambiri asanamukhulupirire, koma mu 1983 adalandira mphoto ya Nobel. Lero tikudziwa kuti pafupifupi magawo 85 pa 100 a DNA ya chimanga ndi tizidutswa totere. Titati tonse tizidumpha mwachisawawa tikhoza kuwononga majini ofunikira, ndiye methylation imatigoneka pansi.

Nkhani yomwe ndimakonda kuuza makolo ndi ya ku Malaysia, chifukwa imaonetsa pomwe pali ndalama. Kumeneko amalima kanjedza woyengera mafuta ophikira. Kuti achulukitse mitengo yobereka bwino, adayamba kutenga kachidutswa ka mtengo wabwino n'kumeretsa mbande zambirimbiri m'mabotolo mu labotale. Mbandezo zimayenera kufanana ndi mayi wawo, popeza DNA ndi imodzi. Koma ina mwa mitengoyo idayamba kubereka zipatso zopunduka zopanda mafuta okwanira, ndipo mlimi amazindikira vutoli patapita zaka, atawononga kale malo, feteleza ndi aganyu. Kwa zaka pafupifupi 30 chifukwa chake sichimadziwika. Mu 2015 akatswiri a Malaysian Palm Oil Board pamodzi ndi a labotale ya Cold Spring Harbor ku America adapeza kuti mkati mwa jini ina yopanga maluwa muli kachidutswa kodumpha komwe adakatcha Karma. Mu mitengo yopundukayo methyl adali atachoka pa kachidutswaka nthawi yomeretsa m'botolo ija, jiniyo n'kumawerengedwa molakwika. Atadziwa zimenezi, zidatheka kuyeza tsamba la mbande ikadali ku nazale n'kutaya zoipa zisanapite kumunda.

Kuno kwathu nkhaniyi si yachilendo ayi. Matenda a chisaka atasakaza nthochi ku Thyolo ndi Mulanje, njira imodzi yopezera mbewu yopanda matenda yakhala yomweyi ya m'mabotolo. Nthochi zomeretsedwa chonchi nazonso nthawi zina zimatuluka zosiyana ndi mayi wawo, zina zazifupi modabwitsa, ndipo kusintha kwa methylation ndi chimodzi mwa zomwe ofufuza amaziunika pa vutoli. Munthu womvetsa zimenezi ali ndi chochita pa nthochi, chinangwa, mbatata ndi nzimbe.

Tsopano za ntchito. Musayembekezere kuona malonda m'nyuzipepala akuti akufuna katswiri wa chromatin. Omwe amalemba anthu ntchito, kaya ndi malo ofufuzira zaulimi monga Chitedze ndi Bvumbwe, mabungwe akunja ofufuza za mbewu monga IITA ndi CIMMYT, makampani a mbewu kapena mayunivesite, amafuna wodziwa kupanga mbewu zatsopano, woyendetsa labotale, kapena wodziwa kusanthula ma data a DNA pa kompyuta. Ndiye ine ndingalangize kuti digiri yachiwiriyo ikhale ya kapangidwe ka mbewu kapena ya molecular biology (sayansi ya DNA ndi mapuloteni), methylation ikhale mutu wa kafukufuku wake mkati mwa digiriyo. Akatero khomo la kampani ya mbewu lomwe inu mukufuna silitsekeka, ndipo la PhD nalo limakhala lotsegula.

Iwe mwana, zotsalazi ndi zako. Makina owerengera DNA ndi okwera mtengo, koma ntchito yambiri masiku ano ili pa laputopu. Ofufuza amaika zomwe apeza pa intaneti kwaulere, monga ku NCBI, nkhokwe ya ma data a DNA ya ku America. Yamba kuphunzira mapulogalamu a pa kompyuta a R kapena Python ndi Linux chaka chino, ndipo usanyozere statistics ndi biochemistry, chifukwa ambiri amagwera pamenepo. Pofuna sukulu yang'ana WACCI ku University of Ghana ndi ACCI ku University of KwaZulu-Natal, zomwe zimaphunzitsa opanga mbewu a mu Africa, komanso thandizo la ndalama za sukulu la RUFORUM (mgwirizano wa mayunivesite a mu Africa) ndi Commonwealth. Ngati mtima wako uli pa chromatin yeniyeni, John Innes Centre ku Norwich, ku England, ndi amodzi mwa malo odziwika. Kumeneko Caroline Dean ndi anzake adaonetsa mmene kuzizira kwa milungu ingapo kumatsekera jini ya FLC, yomwe imaletsa maluwa, kudzera pa ma histone kuti chomera chichite maluwa chisanu chikatha.

Pa kafukufuku wa FLC yemweyo pali chenjezo loti ulisunge. Chizindikiro cha kuzizira chija chimafufutika mbewu yatsopano ikamapangidwa, moti mbadwo wotsatira umayenera kuzizidwanso. Ukadzawerenga zonena kuti chimanga chimakumbukira chilala n'kupatsira ana ake kupirira, uzifunsa kuti adayesa mibadwo ingati, komanso ngati adayesera m'munda kapena mu labotale mokha. Zizindikiro zina zimadutsadi mibadwo, koma zambiri zobwera ndi nyengo sizikhalitsa, ndipo kalata yopempha sukulu yolonjeza kuthetsa njala ndi epigenetics aphunzitsi amaiona kuti mwiniwake sanawerenge mokwanira.

Usanavomere malo alionse, lembera mphunzitsi amene adzakuyang'anire umufunse mbewu yomwe udzagwirepo ntchito, ngati ndalama zowerengera DNA zilipo kale, ndi komwe ophunzira ake akale ali panopa. Mayankhowo ukawaonetse amayi ndi abambo, mukambirane muli ndi pepala m'manja.