Boma likatenganso njanji, tikiti ya sitima ingatsike?

Akonzi, ine ndimachita geni ya usipa ndi utaka, ndimapikula ku Makawa nkukagulitsa ku Limbe, nthawi zina ku Nayuchi. Thiransipoti yokha ikundidyera mpamba, minibasi ya ku Liwonde dengu limalipira ngati munthu. Malume anga amati kale sitima inali ya boma ndiye inali yotchipa, ati boma litangoilandanso basi zonse zikhala bwino. Kodi nzoona zimenezi? Ndine mayi wa ku Mangochi boma.

Zikomo mayi, ndipo pepani ndi za dengulo, aliyense amene anakhalapo pa depoti ya Mangochi mmamawa akuona amayi akukanganirana ndi kondakitala za katundu akudziwa kuti simukunama. Malume anu mbali ina akunena zoona. Sitima inkayendetsedwa ndi Malawi Railways, kampani ya boma, ndipo ngakhale Ilala ya ku Monkey Bay kwanu konko, yomwe inayamba kuyenda pa nyanja mu 1951, inali mmanja mwa anthu a njanji omwewo. Mu 1999 boma linapereka ntchito yoyendetsa sitima kwa kampani yomwe si ya boma ya Central East African Railways (CEAR), koma apa ndi pomwe ambiri sadziwa, njanjiyo sinagulitsidwe ayi, inangobwereketsedwa pa kontirakiti, mwini wake akadali boma.

Tsono za mtengozi ndikuuzeni mosabisa, kusintha mwini pakokha sikutsitsa tikiti. Sitima imamwa dizilo ogula ndi madola, masipeya amachokera kunja, njanji ikakokoloka ndi madzi ngati zinachitikira ku Chiromo mu 1997 pamafunika ndalama zankhaninkhani, ndiye ndalama za matikiti a anthu ngati inu ndi ine sizikwana zonsezi olo mabogi atadzadza mpaka pakhomo. Chimene chimabweretsa ndalama pa njanji yathu ndi katundu, makamaka malasha a ku Moatize ku Mozambique amene amadutsa ku Nkaya, Liwonde mpaka Nayuchi kupita ku doko la Nacala. Tikiti imatchipa pokhapokha wina akuthira ndalama pamwamba, kaya ndi boma kuchokera mmisonkho yathu, kaya ndi phindu la katundu uja. Ku Britain njanji anaipereka kwa makampani mzaka za mma 1990, pano boma layamba kutenganso makampani a sitima za anthu, mwachitsanzo South Western Railway mu 2025, koma kumenekonso tikiti sinatsike tsiku lomwelo chifukwa choti mwini wasintha.

Ine chimene chimandiwawa ndi china. Sitima za malasha zazitali zija zimawoloka Shire pa Liwonde usana ndi usiku, anthu kumangowerenga mabogi ataima ndi katundu wawo pamseu. Njanji ndi yathu, dziko ndi lathu, ndiye boma liri ndi mphamvu yolemba mu kontirakiti kuti sitima ya anthu iziyenda kangati pa sabata, izilipiritsa zingati, katundu wa geni ngati wanuyu azimuwerengera bwanji. Apa mpamene aphungu athu akuyenera kulimbikira, ndipo inu muli ndi ufulu okawafunsa akabwera pa msonkhano. Sindikukana kuti boma lingayendetse lokha, lingathe ndithu, koma liyambe latiuza kuti ndalama zokonzera njanji ndi zogulira mabogi lizitenga kuti, apo bii tidzakhala ndi tikiti yotchipa ya sitima yomwe siikubwera.

Kwa inu panopa mayi, Mangochi ilibe njanji, siteshoni zapafupi ndi Liwonde ndi Balaka, ndiye minibasi ija simungaithawe. Gwirizanani amayi angapo a geni imodzi muzichita hayala galimoto imodzi mpaka Liwonde, ndipo musananyamuke muziyamba mwafunsa ku siteshoni tsiku lomwe sitima ya anthu ikudutsa komanso mtengo wa katundu, usipa ungakugonereni panja.