Kuchokera ku Keyala kufika ku MDF: yankho kwa bambo a ku Mkanda

Bambo ena a ku Mkanda m'boma la Mchinji anditumizira kalata pa imelo yokhala ndi mafunso atatu. Akuti agogo awo anali msilikali wa King's African Rifles, gulu limene akuluakulu ankalitchula kuti Keyala, ndipo mendulo zawo zikadalipo pakhomo. Tsopano mwana wawo wamkazi, amene wakhoza mayeso a MSCE, watsimikiza mtima kulowa usilikali. Bambowa akufuna kudziwa ngati gulu lankhondo la lero, Malawi Defence Force (MDF), ndi lomwe lija la agogo, mmene maudindo ake amayendera, ndiponso ngati n'kwanzeru kumulola mwanayo.

Bambo, pa funso loyambalo, muzu wa magulu awiriwa ndi umodzi, koma mwini gulu ndi cholinga chake zinasinthiratu, ndipo inu a ku Mchinji ndi ife a kuno ku Kasungu sitifunika kupita kutali kuti tione pamene nkhaniyi inayambira. Harry Johnston atakhazikitsa boma la atsamunda m'chaka cha 1891, anabweretsa asilikali achisikh ochokera ku India, kenako n'kuyamba kulemba amuna a konkuno, makamaka Atonga ndi Ayao. Ntchito yawo inali kugonjetsa ogulitsa akapolo pamodzi ndi mafumu amene ankakana ulamuliro watsopanowo. Mlozi wa ku Karonga anagonja n'kunyongedwa mu Disembala 1895, ndipo m'masiku omwewo gulu lina linathira nkhondo Mwase Kasungu, n'kumanga linga la Fort Alston m'dziko lake. Kumayambiriro kwa 1898 nkhondo inagwera Angoni a Mpezeni kutsidya kwa malire anu, mwana wake Nsingo anaphedwa, ng'ombe zankhaninkhani n'kulandidwa. Boma la Mchinji linkatchedwa Fort Manning m'nthawi yonse ya atsamunda, potengera dzina la William Manning, mmodzi wa akuluakulu a asilikaliwo, amene pambuyo pake anadzakhala bwanamkubwa wa Nyasaland. Gululi silinabwere kudzateteza makolo athu, linabwera kudzawagonjetsa.

M'chaka cha 1902 Angerezi anaphatikiza magulu awo a asilikali a kuno ndi a kum'mawa kwa Africa n'kupanga King's African Rifles, ndipo bataliyoni yoyamba ndi yachiwiri zinali za ku Nyasaland. Malo a asilikali a ku Zomba a Cobbe Barracks anatenga dzina la Alexander Cobbe, amene anatsogolera asilikali ameneŵa pa nkhondo ya ku Somaliland chaka chomwecho.

Chimene chinafikitsa usilikali m'mudzi uliwonse ndi nkhondo yoyamba ya padziko lonse, imene makolo ankaitchula kuti nkhondo ya Chiwaya. Inayamba kumveka kuno mu Ogasiti 1914, pamene sitima ya Gwendolen inawononga sitima ya Majeremani pa nyanja, ndipo mu Seputembala kunamenyedwa nkhondo ku Karonga. Amuna a ku Nyasaland amene anagwira mfuti anali pafupifupi 19,000, koma amtengatenga, amene ankasenza zipolopolo ndi chakudya pamutu kudutsa m'nkhalango za Tanganyika ndi Mozambique, anali pafupifupi 200,000. Ambiri a iwo sanadzipereke okha: ankagwidwa kudzera mwa mafumu ndi amesenjala, ndipo ochuluka anatha ndi kamwazi, malungo ndi njala osati ndi chipolopolo. John Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914 kudandaula kuti anthu osauka akufera nkhondo imene si yawo, ndipo patangopita miyezi iwiri anaukira boma. Obwerako anabwera ndi perete m'mutu, moti mpaka lero mukaonera mganda, amuna atavala zoyera, masokosi aatali, akuponda molingana pamizere uku akuimba mabadza, mukuona chithunzi cha perete wa Keyala.

Pa nkhondo yachiwiri, kuyambira 1939 mpaka 1945, asilikali athu anamenya nkhondo ku Somaliland, ku Ethiopia, ku Madagascar ndi ku Burma, ndipo m'zaka za m'ma 1950 anatumizidwanso ku Malaya. Ngati mukufuna kudziwa nkhondo imene agogo anu anamenya, tengani mendulozo muziyang'anitsitse. Mendulo zozungulira za nkhondo yoyamba zinkadindidwa m'mphepete mwake nambala ya msilikali, udindo, dzina ndi gulu lake, m'tizilembo ting'onoting'ono timene timafuna kuyamba mwapukuta ndi kansalu. Ngati pali yooneka ngati nyenyezi ya nsonga zisanu ndi imodzi yolembedwa mawu akuti The Burma Star, ndiye kuti anafika ku Burma, ngakhale kuti mendulo za nkhondo yachiwiri kawirikawiri sizinkalembedwa dzina la mwini wake.

Mbiri ya usilikali wa nthawi ya atsamunda ili ndi banga limene sitiyenera kulibisa. Pa 3 Malichi 1959, tsiku limene timakumbukira anthu ofera dziko, anali asilikali a boma la atsamunda amene anawombera anthu pa doko la Nkhata Bay. Msilikali wa nthawi imeneyo analumbira kwa mfumu ya ku Britain, ndipo akalamulidwa kuloza mfuti kwa abale ake ankayenera kumvera. Dziko litalandira ufulu pa 6 Julaye 1964, bataliyoni yoyamba ya Keyala inasanduka bataliyoni yoyamba ya Malawi Rifles, koma utsogoleri unakhalabe m'manja mwa azungu mpaka 1972, pamene Graciano Matewere anakhala Mmalawi woyamba kutsogolera gululi.

Kwa ine, chaka chimene chinaonetsa mtima wa gulu lathu lankhondo ndi 1993. Mu ulamuliro wa Dr Kamuzu Banda munali gulu lina la zida, la Malawi Young Pioneers, limene linkamvera chipani ndipo linali ndi mfuti zake, magalimoto ake ndi makampu ake m'maboma ambiri. Asilikali ankaliyang'ana ndi diso lofiira kwa zaka zambiri. Kumayambiriro kwa Disembala chaka chimenecho, patapita miyezi ingapo chichitikireni riferendamu ya pa 14 Juni, apayoniya anapha asilikali awiri ku Mzuzu, ndipo mkwiyo wa asilikali wamba unabala Operation Bwezani. M'masiku ochepa malo a apayoniya ku Lilongwe ndi m'madera ena analandidwa, zida zinatengedwa, ndipo ambiri anathawira ku Mozambique. Sinali ntchito yoyera, pakuti magazi anakhetsedwa ndipo katundu anawonongeka. Koma taonani chimene sichinachitike: pulezidenti anali wokalamba ndi wodwala, boma linali lofooka, mfuti zonse zinali kwa asilikali, komabe palibe mkulu wa asilikali amene anapita pa wayilesi kukalengeza kuti watenga boma monga zinkachitikira m'mayiko ambiri a mu Africa. Anabwerera ku malo awo, ndipo chisankho cha pa 17 Meyi 1994 chinachitika. Zofananazo zinaonekanso mu Epulo 2012 atamwalira Pulezidenti Bingu wa Mutharika, pamene mkulu wa asilikali, General Henry Odillo, anaima pa malamulo oyendetsera dziko ndipo Mayi Joyce Banda analumbiritsidwa. Apa ndi pamene pagona kusiyana kwa gulu la agogo anu ndi limene mwana wanu akufuna kulowa. Malamulo a 1994 amapatsa Malawi Defence Force ntchito yoteteza malire ndi ufulu wa dziko, yoteteza malamulowo, yothandiza boma pa nthawi ya ngozi, ndi yokagwira ntchito kunja motsata mapangano amene Malawi anasayina.

Kunena za kayendetsedwe kake, pulezidenti ndiye mkulu wa asilikali onse mwa lamulo, ndipo ndiye amasankha mkulu woyendetsa gululi tsiku ndi tsiku, amene likulu lake lili ku Kamuzu Barracks ku Lilongwe. Pali asilikali a pamtunda, amene ndiwo ochuluka, a panyanja amene ali ku Monkey Bay, ndi a ndege. A pamtunda ali ku Cobbe ku Zomba, ku Kamuzu Barracks, ku Moyale ku Mzuzu, ku Chilumba, ku Mvera ndi malo ena, pamene sukulu yophunzitsira usilikali ya MAFCO ili ku Salima. Okonda mpira amawadziwa kale mayina ameneŵa, makamaka chitengereni Kamuzu Barracks chikho cha ligi yaikulu mu 2016. Kagulu kakang'ono kwambiri ndi sekishoni, ya anthu pafupifupi khumi, yotsogozedwa ndi kopolo. Masekishoni atatu amapanga pulatuni ya anthu pafupifupi 30, mapulatuni atatu amapanga kampani ya anthu oposa 100, makampani angapo amapanga bataliyoni ya anthu mazanamazana, ndipo mabataliyoni angapo amapanga buligedi.

Chimene makolo ambiri sachidziwa n'chakuti m'gululi muli makwerero awiri osiyana, ndipo khomo limene munthu walowera limanena zambiri za kumene adzafike. Wolowa ngati msilikali wamba amayamba ndi udindo wa private, kenako lance corporal wa mzere umodzi pamkono, kopolo wa mizere iwiri, sajeni wa mizere itatu, staff sergeant, mpaka warrant officer. Wolowa ngati ofisala amayamba ngati kadeti, ndipo akamaliza maphunziro amavala nyenyezi imodzi paphewa ngati second lieutenant, kenako lieutenant, kaputeni, meja, lieutenant colonel amene amatsogolera bataliyoni, colonel, n'kumapita ku majenerale. N'chifukwa chake pa perete mumatha kuona bambo wa imvi, amene wagwira ntchito zaka zoposa makumi awiri, akuwomba sawasha kwa mnyamata wa msinkhu wa mwana wake. Ulemuwo ukupita ku udindo umene mnyamatayo wapatsidwa m'dzina la dziko, ndipo ofisala wanzeru amadziwa kuti sajeni wake ndiye amadziwa msilikali amene wadwala, amene ali ndi ngongole ndi amene nsapato yamuthina. N'zotheka msilikali wamba kudzakwera n'kukhala ofisala, koma njirayo ndi yaitali ndipo oidutsa ndi ochepa.

Tsopano za mwana wanu. M'Malawi palibe amene amakakamizidwa usilikali, ndipo amayi anayamba kulembedwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, moti lero alipo maofisala aakazi ndiponso ena amene anagwirapo ntchito kunja kwa dziko. Nthawi yolemba ikafika, gululi limalengeza poyera, ndipo chilengezocho chimanena malire a zaka za kubadwa, maphunziro ofunika ndi kumene makalata apite. Kawirikawiri amafuna nzika ya Malawi yosachepera zaka 18, ya thanzi labwino, yopanda mbiri ya milandu, ndipo oitanidwa amayesedwa kuthamanga ndi kupimidwa ndi achipatala. Ntchitoyi siigulidwa. Nyengo yolemba ikayandikira amatulukira akathyali amene amaimba foni kapena kulemba pa WhatsApp kuti ali ndi mkulu wina amene angalowetse dzina pa mndandanda mukatumiza ndalama, ndipo mabanja ena agulitsapo mbuzi ndi matumba a soya n'kungotsala manja ali m'khosi.

Muuzeni mwanayo mosabisa kuti usilikali ndi wosiyana ndi ntchito ya mu ofesi imene munthu akatopa nayo amangolemba kalata n'kuchoka. Akalumbira amakhala pansi pa malamulo awiri, a dziko ndi a asilikali, ndipo kujomba popanda chilolezo, kukana lamulo loyenera kapena kuthawa ndi milandu imene ili ndi khoti lake. Sadzasankha yekha kokhala, ndipo maliro ena a pamudzi adzamupita ali kutali. Malawi sanamenyanepo nkhondo ndi dziko lina chilandirireni ufulu, koma asilikali athu afa ndithu pa ntchito: chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ankalondera njanji ya ku Nacala pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, ndipo m'chaka cha 2013 anayamba kumenyana ndi zigawenga kum'mawa kwa Congo pamodzi ndi a ku Tanzania ndi South Africa. Mu Novembala 2018 asilikali athu asanu ndi mmodzi anaphedwa kufupi ndi Beni. Mmodzi wa iwo, Private Chancy Chitete, anawomberedwa akupulumutsa msilikali wa ku Tanzania amene anavulala, ndipo mu 2019 bungwe la United Nations linapereka kwa banja lake mendulo ya Captain Mbaye Diagne. Ntchito ya m'dziko momwemuno nayo si yopepuka, monga tinaonera mu Malichi 2023 pamene asilikali ankafukula anthu m'matope a namondwe wa Freddy.

Maganizo anga ndi akuti ngati mwanayo wamva zonsezi ndipo mtima wake sunasinthe, muloleni. Ngati chimene chikumukoka ndi malipiro okha chifukwa ntchito zikusowa, kambiranani nayenso, popeza miyezi ya maphunziro ku MAFCO, ya kudzuka usiku, kuthamanga ndi katundu kumsana ndi kukalipiridwa, imabweza ambiri amene anapita ndi mtima wapawiri. Ngati anakhoza bwino MSCE, aganizire zoyamba waphunzira unamwino, uinjiniya kapena ntchito ina ya luso, chifukwa gululi limalembanso anthu otere ndipo khomo la uofisala limatseguka mosavuta kwa wophunzira. Pakali pano ayambe kuthamanga m'mawa uliwonse, ndipo muonetsetse kuti dzina ndi tsiku lobadwa pa chitupa chake cha unzika zikufanana ndi zimene zili pa satifiketi ya MSCE, chifukwa kukonzetsa zolakwika pa zikalata zimenezi kumatenga nthawi yaitali kuposa masiku amene chilengezo chimapereka.