Tikiti ya ku Chileka musagule pa WhatsApp

Achemwali, ndege ya Malawi Airlines mukufunsayo ilipo, imanyamuka pa bwalo la ndege la OR Tambo kuno ku Joni kupita ku Chileka ndi ku Lilongwe. Koma chonde chonde tikitiyo musagule kwa ma ajenti a pa WhatsApp awa. Ine zinandionekera bambo anga atamwalira ku Thyolo.

Ajenti amene anandiberayo ndi wakwathu komwe, timapemphera mpingo umodzi. Ndinamutumizira ndalama usiku womwewo, iye n'kunditumizira pepala lokhala ndi dzina langa, tsiku, nambala, zonse. M'mawa ndafika pa kauntala ndi chikwama chodzaza shuga ndi makandulo a pamaliro, mtsikana wa pa kauntalapo analemba pa kompyuta, n'kufufuta, n'kulembanso. Kenako akuti amayi, malowa anangosungitsa, sanalipire, ndiye anafufutika. Kumuimbira, foni yozima. Chithunzi chake pa WhatsApp chasowa, wandibloka. Ndinakhala pansi pa simenti pafupi ndi zimbudzi, pasipoti ili m'manja, mng'ono wanga akuimba kuti adzukulu amaliza kukumba ndipo amfumu akuti sitingadikirenso. Bambo anga ndinawaika m'manda ndili pa foni, ndikumva amayi a Mvano akuimba. Munthuyo mpaka lero amavala suti Lamulungu lililonse, amatsogolera ndi pemphero lomwe. Mulungu akuona, ndipo ngati ali m'gulu muno awerenge.

Za kampaniyo, ndi ija inalowa m'malo mwa Air Malawi itagwa. Inayamba kuuluka mu 2014, boma lili ndi 51% ndipo Ethiopian Airlines ili ndi 49%. Kupatula Joni imapita ku Lusaka, Harare, Dar es Salaam ndi Nairobi, koma ku London kapena Dubai ayi, kumeneko mumadzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi n'kusintha ndege. Ndege zake n'zowerengeka, Boeing 737 ndi ija ya mapiko a fani, Q400, ndiye mu Disembala mipando imatha msanga. Amati akufuna kuwonjezera ndege ndi njira zina, tizionera pomwepo. Yerekezaninso mtengo ndi wa Airlink, nayonso imafika ku Blantyre ndi Lilongwe. Ndipo lipirani ndi ma rand kuno, musauze achibale kuti akugulireni kumudzi, chigwereni kwacha ndi 44% mu Novembala 2023 mitengo ya kumeneko siyoona.

Gulani nokha pa webusaiti yawo, mulandire nambala ya tikiti yeniyeni, osati ya bukingi yokha. Ngati katundu ndi wambiri ingokwerani basi ya pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, mudzafika ndi miyendo yotupa koma mudzafika. Koma ngati mulibe khadi ya kubanki, ajenti wodalirika ndiye njira, osati aliyense wa pa WhatsApp, alipo mayi wina amapeza yotchipa kwambiri, ndimagula kwa iyeyo masiku ano. Ndipezeni ku inbox.